Alimi Makumi Anayi a Che Hassani

Ngati munadutsako pa Nsanama zaka zimenezo, kaya mukupita ku Nayuchi kaya mukubwerera ku Liwonde, muyenera kuti munawaona Che Hassani. Ankakhala pakhonde la golosale yoyang'anana ndi msika, pakampando kolukidwa ndi linya, kabokosi kamatabwa kali pamiyendo. Ntchito yawo inali yosema zidindo. Wagolosale akafuna chidindo cha dzina la sitolo yake, ahedi akafuna cha sukulu, mlimi akafuna chodindira matumba ake a mpunga kuti asasokonekere pa lole, onsewo ankathera pakhonde pomwepo. Munthu wake anali wamfupi, wowonda, wa kofiya yoyera mbee, koma zala zili bii ndi inki yosachoka ngakhale ankatawaza kasanu patsiku.

Sankalankhula zambiri, ndiye anthu ankati Che Hassani ndi ofatsa. Kufatsa kwake kuti? Munthuyu anali atasenza chinthu mumtima, ndipo chinthucho chinali nkhope ya mng'ono wawo imene inkawathawa pang'onopang'ono.

Kwawo kunali kwa Mposa, kumunsi kwa dambo kumene mpunga umachita bwino. Anabadwa amuna awiri, iwo ndi mng'ono wawo Usumani. Usumaniyo ndiye anali mnzawo wa aliyense. Akaseka, mpata wa pakati pa mano ake akutsogolo unkaonekera patali, ndipo khutu lake linali lobenthuka chifukwa ali mwana mbedza ya mlamba inamukola, iye n'kuikoka mopusa. Pakamwa pake panalibe chitseko. Akulu ankamuchenjeza kuti ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza patsogolo, iye n'kumangoti, "Nanga mlomowu Mulungu anandipatsa kuti ndizingodyera?"

Tsiku lina anapita kumsika ndi mkazi wake Salima, amene anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri. Pachipata anyamata a chipani anali atamanga chingwe, akuona makadi. Usumani anaonetsa yake, Salima anaonetsa yake. Mnyamata wina analoza mimba ya Salima n'kunena kuti wam'katiyo nayenso afunika khadi yake.

"Dikirani abadwe," anatero Usumani, "mudzamufunse yekha ngati akufuna kulowa chipani."

Anthu anaseka, kenako kusekako kunaduka ngati wina wakudula ndi mpeni. Patapita masiku atatu kunabwera galimoto masanasana. Anamutengera kumunda, matope ali m'miyendo, khasu n'kutsala chiimire m'mpunga. Sanabwererenso.

M'mawa mwake a Sitima, tcheyamani wa nthambi ya chipani m'deralo, anayenda khomo ndi khomo. Anthu ankanong'ona kuti ndiwo analoza munda, koma chala chawocho palibe anachiona. Kwa Salima anapeza Che Hassani atakhala pakhonde, mutu uli m'manja.

"Kuno kulibe munthu wa dzina limene lija," anatero a Sitima. "Kulibe, ndipo sanakhaleko. Ngati muli ndi kanthu kake m'nyumbamu, mudziwa chochita. Ine ndangokuthandizani."

Kanthu kanalipo. Chithunzi chimodzi chokha, chimene Usumani anajambulitsa ku Balaka tsiku limene anakagula nsalu za ukwati, atavala jekete yobwereka. Chinali pakhoma. Che Hassani anachichotsa ndi manja awo, anapita nacho kuseri kumene mulu wa mankhusu a mpunga unkafuka, n'kuchikankhira m'kati ndi ndodo. Salima anaima pakhomo, dzanja lili pamimba, akuyang'ana. Sanawaletse, sanalire. Kukanakhala bwino akanawatukwana.

Mantha ndi chinthu choipa, abale. Mudzi wonse unagwirizana kuiwala munthu amene dzulo lake unkaseka naye. Sadaka sanamuchitire, poti ndani akanalimba mtima kunena kuti wafa? Kumudikira poyera sanamudikire, poti kudikira ndi kuvomera kuti analipo. Mwana atabadwa, wamkazi, anamutcha Habiba, ndipo atayamba sukulu anamulembetsa dzina la Che Hassani. Dzina la Usumani linasowa pakamwa pa anthu ngati mchere m'madzi.

Chaka chotsatira Che Hassani analembedwa ntchito yotsegula ndi kutseka madzi pa sikimu ya mpunga. Kumeneko kunali alangizi ochokera ku China, amene ankaphunzitsa anthu kuwokera mpunga m'mizere potsata chingwe. Mmodzi wa iwo, a Lini, anali bambo wa imvi, wosakonda gulu. Anzawo akapita kukapuma masana, iwo ankakhala pansi pa mtengo wa mango, kathabwa kali pabondo, akusema ndi titchizulo tating'ono. Che Hassani anayamba ndi kusuzumira patali. Mawa lake anasendera. Tsiku lachitatu a Lini anangowapatsira tchizulo ndi chidutswa cha m'bawa.

Chichewa cha a Lini chinali chothyokathyoka, koma malamulo a ntchitoyo anali awiri okha. "Chofuna iwe, siya. Chosafuna, chotsa." Ndiye kuti chimene ukufuna kuti chioneke papepala suchikhudza, umasema chozungulira chonse. Lachiwiri ndilo linkavuta: pathabwa chilichonse umasema chotembenuza, chifukwa ukadinda chakumanja chimapita kumanzere, chakumanzere kumanja. Che Hassani atasema dzina lawo koyamba, linatuluka likuyenda chambuyo. A Lini anaseka mpaka kutsokomola.

Tsiku lina a Lini anatsegula chitini cha bisiketi. Munali mapepala opyapyala ambirimbiri, ndipo pa lililonse panali nkhope ya mayi wokalamba yemweyo.

"Mama," anatero. Analoza kutali ndi dzanja, n'kufotokoza mwa Chichewa chawo chija kuti mayiwo anatsala kutsidya lina la nyanja nthawi ya nkhondo, kumene iwo sankaloledwa kubwerera kapena kutumiza kalata. Chaka chilichonse ankasema nkhopeyo mwatsopano kuti isawathawe. "Chaka chino mphuno ine kukumbuka. Chaka chamawa, kaya."

Che Hassani anatenga pepala limodzi n'kuliyang'ana. Anafuna kunena kuti, inenso ndili naye wanga. Koma anayang'ana uku ndi uku, anaona munthu akudutsa ndi khasu cha patali, n'kumeza mawuwo. Anangoti, "Mayi abwino."

A Lini pochoka anawasiyira mapepala opyapyala angapo ndi matchizulo awiri. Ena Che Hassani anadzisulira okha kuchokera ku nthiti za ambulera ndi masipoko a njinga. Inki yodindira nsalu ndi matumba ankapanga ndi mwaye wa nyali ndi mafuta a nsatsi. Anasiya ntchito ya madzi, anasamukira ku Nsanama, ndipo pakhonde paja anakhalapo zaka khumi akusema zilembo, nsomba, ngala za mpunga, mwezi ndi nyenyezi. Pa zaka khumi zonsezo sanalakwitsepo kutembenuza ngakhale chilembo chimodzi. Koma nkhope ya munthu, iyayi. Wina akawapempha ankati ashehe amaletsa zifaniziro. N'zoona ashehe ankaletsa, koma chifukwa chenicheni sichinali chimenecho. Ankaliopa dzanja lawo.

Chimene chinkawapweteka n'chakuti nkhope ya Usumani inkatha m'mutu mwawo ngati sopo. Akatseka maso pambuyo pa swala, kuseka kunkabwera, khutu linkabwera, koma maso ndi mphumi zinkakana. Ndipo chithunzi chimene chikanawakumbutsa anali atachitentha okha.

Habiba atafika zaka khumi ndi ziwiri, Che Hassani anapita kwa Mposa pa Idi atamutengera mpango. Mtsikanayo anadikira mpaka mayi ake atalowa m'nyumba, n'kufunsa motsitsa mawu.

"Bambo aakulu, kodi bambo anga ankaoneka bwanji?"

Che Hassani anayang'ana kumsewu. "Ankaoneka ngati munthu," anatero.

Mwanayo anangoti, "Chabwino," n'kupinda mpango uja bwinobwino. Sanafunsenso. Che Hassani anapalasa njinga kubwerera ku Nsanama akudzitukwana njira yonse. Munthu wamkulu, ndevu pepeya, kumuyankha mwana wamasiye choncho! Manyazi amene anawagwira tsikulo sanawasiye.

Sipanathe miyezi iwiri, a Sitima anatulukira pakhonde paja, mpukutu wa nsalu yoyera uli pakaliyala. Anali atanenepa, batchi ya chipani ili pachifuwa. Ku sikimu kunali kudzachitika chionetsero cha zaulimi, ndipo kunkabwera mlendo wamkulu wochokera kulikulu.

"Ndikufuna nsalu yopachika kumbuyo kwa nsanja," anatero. "Pakhale alimi makumi anayi. Onse ofanana, onse akumwetulira, kusonyeza kuti kwa Mposa ndife amodzi. Musema mmodzi, mudinda kambirimbiri. Si ndiyo ntchito yanu?"

"A Tcheya, ine nkhope sindisema. Chipembedzo..."

"Che Hassani." A Sitima anatsamira pahandulo. "Banja lanu lili kale ndi mbiri. Musandichititse kuikumbukira."

Nanga akanatani? Anatenga nsaluyo. Anasankha thabwa la m'bawa lalikulu ngati chivindikiro cha ndowa, analipala mpaka kusalala, n'kudziuza kuti asema nkhope ya munthu wosakhalako, mlimi wamba wa chipewa cha mlaza, wopanda kwawo. Tsiku loyamba anasema chipewa. Lachiwiri mapewa ndi khasu. Lachitatu anayamba pakamwa, poti a Tcheya ankafuna kumwetulira. Anasema mano mmodzimmodzi, maganizo ali kwina, ndipo atapemerera tizipalapala anaona kuti pakati pa mano awiri akutsogolo tchizulo chasiya mpata.

Anaika tchizulo pansi. Thabwa lina linalipo, lili pompo pansi pa bokosi. Munthu wanzeru akanaponya loyambalo pamoto n'kuyambiranso. Anatambasula dzanja kuti alitenge, koma m'makutu mwawo munamveka kamawu kaja, "Chabwino." Dzanja linabwerera ku tchizulo.

Chodabwitsa n'chakuti zimene mutu unaiwala, dzanja linkazidziwa. Mphumi inabwera yokha. Maso anabwera, lina lotsinzina pang'ono monga ankachitira Usumani akafuna kunena zopusa. Makasitomala ankabwera, Che Hassani n'kuvindikira thabwalo ndi chiguduli, akachoka n'kupitiriza. Tsiku lachisanu ndi chinayi anafika pakhutu. Anapuma kaye, anati Bisimila, n'kubenthula.

Anapaka inki, anaika pepala lopyapyala mwa amene a Lini anawasiyira, n'kulisisita ndi msana wa supuni. Atalisenda, Usumani anali akuwaseka. Che Hassani analowa kuseri kwa golosale, anakhala pa thumba la chimanga, n'kulira ngati mwana. Analira chifukwa cha chisoni, analiranso chifukwa cha mantha, pakuti ankadziwa bwino lomwe kuti galimoto ija sinaiwale njira. Pepalalo analipinda n'kuliika m'kati mwa kofiya. Kenako anayala nsalu pansi n'kudinda: mizere inayi, uliwonse alimi khumi, yowongoka ngati mpunga wa pachingwe.

Anafika nayo kwa Mposa m'mawa wa tsiku la chionetsero, mochedwa dala. A Sitima anali pakalapakala ndi mipando ndi mbuzi ya mlendo, ndiye anangokuwa kuti anyamata aipachike msanga. Anyamatawo anali ana a dzulodzulo, Usumani sankamudziwa. Anakwera pansanja, anamanga ngodya ziwiri, n'kuusiya mpukutuwo kuti utambasuke.

Bwalo linali lodzaza. Amayi anali atakhala m'mizere, onse m'nsalu imodzi ya chipani, kuyambira kumutu mpaka kumapazi, moti mwana akanasowa amake. Nyimbo inali pakati. Oyamba kusiya kuimba anali amayi akuluakulu akutsogolo. Kenako mzere wachiwiri. Ng'oma inagunda kawiri yokha n'kuleka, ndipo bwalo lonse linati zii.

Usumani, amene kunalibe ndipo sanakhaleko, anali pamwamba pa nsanja ya chipani kamakumi anayi, mpata uli pamano, akuseka mudzi wonse.

Aliyense wa zaka zopitirira makumi awiri anamuzindikira. Koma ndani akanayamba? Kunena kuti "uyu ndi uje" kunali kuvomera kuti ukumukumbukira, ndipo kukumbukira ndiwo unali mlandu. Chingwe chimene anamangira anthu pakamwa zaka khumi ndi ziwiri chinawamanga eni ake tsiku limenelo. A Sitima anatembenuka, anayang'ana nsaluyo, pakamwa n'kutseguka. Asanaganize chochita, galimoto za mlendo zinali zitalowa kale.

Mlendoyo anayendera mpunga, anagwira maungu, anakwera pansanja. Polankhula anatembenukira kunsalu ija n'kuiloza ndi ndodo yake.

"Mlimi amene tikumufuna m'dziko muno ndi uyu!" anatero. "Taonani, wosangalala, womvera, wosasiyana ndi mnzake. Aliyense wa inu akhale ngati ameneyu!"

Mayi wina anayambitsa nthungululu, yaitali, yonjenjemera ngati ya pamaliro. Ndiye anthu anaomba m'manja. Kaombedwe kake, kwa Mposa sikunaombedwepo choncho. Madoda ankaomba misozi ikutsikira m'ndevu, amayi ankapukuta maso ndi nsonga ya nsalu ya chipani yomweyo. Mlendo anamwetulira, poganiza kuti akuombera iyeyo. A Sitima nawonso anaomba, thukuta lili kamukamu, nanga akanaleka bwanji pamaso pa bwana wawo? Che Hassani anaima kumbuyo, atagwira njinga yawo. Anamufunafuna Salima m'mizere ija, koma m'nsalu zofananazo sanathe kumuona.

Alendo atapita kukadya, a Sitima anawapeza Che Hassani pamtengo wa mango.

"Nkhope ija ndi ya ndani?"

"Ya mlimi, a Tcheya, monga munanenera." Kenako Che Hassani anapitiriza. "Kapena mwaonapo wina amene mukumudziwa? Mutchuleni, ndikawauze bwana aja kuti talakwitsa."

A Sitima anawerengera mumtima. Iwo ndiwo anaitanitsa nsaluyo, anyamata awo ndiwo anaipachika, mlendo wawo ndiye anaiyamikira pagulu. Galimoto ikanabwera, ikanayambira pakhomo pawo.

"Iyayi," anatero potsiriza. "Sindinaone aliyense. Koma thabwa lija mundipatse."

Thabwalo linali m'chikwama pakaliyala. A Sitima analitenga, analiwaza ndi nkhwangwa ya ophika, n'kuliponya pamoto umene ankawotchera mbuzi. Nsalu inapita ndi mlendo, ndipo palibe anaionanso. Ntchito za chipani ndi za masukulu zinasiya kubwera pakhonde la Che Hassani kuyambira pamenepo. Anakhalabe pa Nsanama zaka zina zisanu ndi zitatu akusema zidindo za matumba, mpaka chifuwa chinawatenga. Nkhope sanasemenso. Usumani sanabwere, ndipo kumene anagona palibe akudziwa mpaka lero.

Koma tibwerere ku tsiku lija, poti silinathere pamoto wa mbuzi. Dzuwa litapendeka, Che Hassani anakankha njinga kupita kwa Salima. Anamupeza kuseri akupeta mpunga, atavula kale nsalu ya chipani. Zaka khumi ndi ziwiri anthu awiriwa ankalonjerana, ankathandizana pa matenda ndi pa njala, koma za tsiku la mankhusu lija sanazikhudzepo. Che Hassani anavula kofiya, anatulutsa pepala lija, n'kulipereka ndi manja awiri.

"Alamu, chija ndinatentha sindingachibweze. Chimene ndatha ndi ichi."

Salima anaika lichero pansi, anapukuta manja, n'kulitambasula. Analiyang'ana osaphethira. Nkhuku zinayamba kujompha mpunga m'lichero, iye osaziingitsa.

"Khutu mwalakwitsa, alamu," anatero. "La Usumani linali lakumanzere."

Dzinalo linatuluka bwinobwino, masana, pabwalo, ngati dzina la munthu wina aliyense. Che Hassani anakhala pa mtondo umene unali chigonere pambali. Anayang'ana pepalalo: zoonadi, khutu lobenthuka linali lakumanja. Iwo amene zaka khumi sanalakwitsepo chilembo, pa mng'ono wawo anaiwala kutembenuza. Anamusema monga ankamuonera atakhala naye maso ndi maso.

"Ndalakwitsadi," anatero, akuseka ndi kulira nthawi imodzi. "Nanga maso?"

"Maso ndi omwewo." Salima anatembenukira kunyumba n'kukweza mawu, osasamala kuti kuseri kwa mpanda kuli ndani. "Habiba! Tabwera udzawaone bambo ako."

Mtsikanayo anatuluka manja ali ndi thovu la sopo. Anawapukuta pa diresi, analandira pepalalo ndi nsonga za zala. Anayang'ana, ndipo lilime lake linapita lokha pampata wa mano ake akutsogolo.

"Ndi awa anali pansalu aja?"

"Ndi amenewo," anatero mayi ake. "Dzina lawo Usumani. Koma khutu ili bambo ako aakulu aliika kolakwika."

"Litembenuze pepalalo, mwanawe," anatero Che Hassani. "Uliyang'anire kumbuyo, ulozetse kudzuwa."

Habiba analitembenuza n'kulikweza m'mwamba ndi manja awiri. Pepala la a Lini linali lopyapyala, kuwala kunadutsa, nkhope inaonekera mbali inayo, khutu lobenthuka lili lakumanzere.

"Eya," anatero Salima. "Ndi ameneyo."